Malumbiro a ku Kenya ndi Mlandu wa ku Kapenguria

Pa nthawi yathu ya mbiri yakale lero tikamba za lumbiro ndi umboni. Palibe mwa ife amene sanamvepo munthu alikulumbira. Mwana akamnamizira kuti waba ndiwo mu mphika, anyambita cala nacipititsa pakhosi. Mkulu wokana ngongole amati, "Mphenzi indikanthe ngati ndinama." Mwamuna ndi mkazi pa tsiku la ukwati alonjezana pamaso pa Mulungu ndi pa ankhoswe ao. Ndipo ali yense amene anaimapo m'bwalo la milandu pa Boma adziwa kuti asanatsegule pakamwa ayamba wagwira Buku Lopatulika, nalumbira kuti adzanena zoona zokha-zokha.

Nanga anthu alumbiriranji? Cifukwa cake ndi ici: woweruza sanalipo pamene kanthu kanacitika, ndipo alibe maso openya mumtima mwa munthu. Cimene ali naco ndi mau a mboni basi. Tsono kuti mauwo alemere, mboni iikapo cikole, ndipo cikoleco ndi moyo wake womwe. Iitana wina woiposa mphamvu, kaya Mulungu, kaya mizimu ya makolo, kuti ailange ikanama. Makolo athu mlandu ukawakanika anali kufika mpaka pa mwabvi, umene unapha anthu ambiri osacimwa, ndipo Boma linauletsa. Koma ganizo la pansi pake linali lomweli, lakuti pamene nzeru za anthu zalekeza payenera kuweruza wina wosanyengeka.

Funso lathu lero ndi ili: cimacitika nciani lumbiro likakhala lokakamiza, kapena logula ndi ndalama? Yankho lake tikalifuna ku dziko la Kenya, m'zaka za 1950 mpaka 1960, pamene dzikolo linali m'manja mwa Angelezi. Kumeneko lumbiro la mbuzi ndi lumbiro la Buku anakomana pa mlandu umodzi, ndipo zimene zinatulukapo anthu sanaziiwale kufikira lero.

Lumbiro la masana

Akikuyu ndi mtundu waukulu wa alimi, okhala m'dziko la mapiri pakati pa mzinda wa Nairobi ndi phiri la Kenya. Milandu yao ya malire a minda, ya ngongole za mbuzi, ya kuba ndi ya kupha munthu inali kuweruzidwa ndi bwalo la akulu lochedwa kiama. Anthu awiri akakanirana, mboni nkusowa, akuluwo anali kuitanitsa lumbiro, limene m'cinenero cao ndi muma. Lina linali la tonde: wolumbira anali kuthyola mafupa a mbuziyo ndi mwala, nanena kuti mafupa ake athyoke comweco ngati alikunama. Loopsa koposa onse linali la kamwala kofiira ka ziboo 7, kochedwa githathi, kamene anali kukatulutsa pa milandu yaikulu yokha.

Lumbiro limeneli linali ndi malamulo ake. Linali kucitika dzuwa likuwala, pabwalo, akulu alikuona. Munthu sanali kulumbira abale ake osabvomereza, pakuti tsoka la lumbiro lonama linali kugwera banja lonse. Akazi ndi ana sanali kuwalumbiritsa. Ndipo popeza onse anali kuliopa, kawiri-kawiri wocimwa anali kuulula yekha nalipira tsiku lolumbira lisanafike.

Amene anazilemba bwino zimenezi ndi Mkikuyu wina wophunzira ku London, dzina lake Jomo Kenyatta, m'buku lake lochedwa Facing Mount Kenya, limene linasindikizidwa m'caka ca 1938. M'bukumo anadandaula kuti Azungu anayesa malumbiro a makolo zinthu zacabe, naikapo mwambo wao wokweza dzanja kapena wopsompsona Buku, umene anthu ambiri sanali kuuopa. Anati zotsatira zake ndi umboni wopeka ndi ziphuphu m'mabwalo a milandu. Mugwire mau amenewa, omvera athu, pakuti patapita zaka 15 anakwaniridwa pa mwini wake yemwe.

Lumbiro la usiku

Bvuto lalikulu la Akikuyu linali dziko. Malo ambiri acondwe ndi a mvula yabwino Boma linawapatula kuti akhale a Azungu okha, ndipo eni dziko ambiri anasanduka alendo ogwira nchito pa mafamu. Mwamuna ali yense anali kuyenda ndi kipande m'kacitini kobvala pakhosi, cimene ife kuno tinali kuciti citupa. Bungwe lao la ndale, Kikuyu Central Association, linayamba kulumbiritsa anthu ake m'zaka za m'ma 1920, munthu atagwira Buku Lopatulika dzanja limodzi ndi dothi dzanja lina. Boma linatseka bungwelo m'caka ca 1940. Itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, mabanja zikwi zambiri anapitikitsidwa pa mafamu a Azungu, ndipo pa malo ochedwa Olenguruone anthu amene anali kukana kucotsedwa analumbira onse, amuna, akazi ndi ana, kuti akhale amodzi. Kucokera kumeneko lumbiro la umodzi linafalikira m'midzi ndi m'makomboni a Nairobi.

Lumbiro latsopanoli linali kucitika usiku, m'nyumba yotseka. Wolumbira anali kupyola pa cipata ca masamba a nthoci, nalawa nyama ndi mwazi wa mbuzi, nalonjeza kusunga cinsinsi ndi kuthandiza pa nkhondo ya dziko. Akaswa lonjezo, lumbirolo limuphe. Tiyenera kunena mosabisa kuti ambiri analumbira ndi mtima wao wonse, cifukwa njala ya dziko inali yoona ndipo madandaulo ao anakhala zaka zambiri osamveka. Komanso alipo ambiri amene anawadzutsa pakati pa usiku, nawakokera kumeneko ndi zikwanje, nawalipiritsa ndalama pamwamba pake. Akristu ena anakana, nati iwo anamwa kale mwazi wa Kristu, sangamwenso wa mbuzi. Ena a iwo anaphedwa cifukwa ca mau amenewa.

Taganizani m'mene zinalili m'nyumba za anthu. Mwamuna walumbira, mkazi wake sanalumbire, ndipo awiriwo sangathenso kuceza momasuka pa mphasa imodzi. Mfumu ya Boma sidziwa ngati mwana wake womubala yekha sanalonjeze kuipereka. Lumbiro limene kale linali kuthetsa milandu ya pa mudzi, tsopano linalowetsa mantha pakati pa abale a bere limodzi.

M'mwezi wa August 1950 Boma linalengeza kuti gulu lochedwa Mau Mau ndi loletsedwa. M'caka ca 1952 linayesa nzeru yodabwitsa: linalemba nchito asing'anga, kuti ayende m'midzi ndi kamwala kaja ka githathi, nasanzitse anthu lumbiro la usiku ndi kuwalumbiritsa lina lokana Mau Mau. Mafumu ndi apolisi anali kusonkhanitsa anthu mokakamiza, ndipo oseka anawacha asing'angawo dzina lakuti asing'anga a Mfumukazi. Cotero lumbiro lokakamiza linabwezedwa ndi lumbiro lokakamiza linzake, ndipo munthu wamba anakhala ndi malumbiro awiri otsutsana m'mimba imodzi.

Mlandu wa ku Kapenguria

Pa 7 October 1952 mfumu yaikulu Waruhiu, bwenzi la Boma, inaomberedwa m'galimoto yake pafupi ndi Nairobi. Pa 20 October Bwanamkubwa watsopano, Sir Evelyn Baring, anaika dziko pa malamulo a nthawi ya ngozi, ndipo usiku womwewo apolisi anayamba kugwira atsogoleri oposa 100. Wamkulu wa iwo anali Jomo Kenyatta, amene pa nthawiyo anali mtsogoleri wa cipani ca Kenya African Union. Anamzenga mlandu wakuti ndiye woyendetsa Mau Mau, pamodzi ndi anzake asanu: Bildad Kaggia, Fred Kubai, Paul Ngei, Achieng' Oneko ndi Kung'u Karumba.

Mlanduwo sanauzengere ku Nairobi. Anautengera ku Kapenguria, kaboma kakang'ono kufupi ndi malire a Uganda, mailosi oposa 200 kucokera ku Nairobi, kumene kunalibe njanji ngakhale nyumba yeni-yeni ya milandu, ndipo munthu sanali kulowako wopanda cilolezo. Bwalo linakhala m'nyumba ya sukulu. Woweruza anali mmodzi yekha, Ransley Thacker, amene anali atapuma kale pa nchito, namuitananso cifukwa ca mlandu umenewu. Oimbidwa mlandu anawaimira loya wochuka wa ku England, D. N. Pritt, pothandizana ndi maloya ocokera ku India, ku Nigeria, ku Jamaica ndi a mu Kenya momwemo. Umboni unayamba kumveka pa 3 December 1952.

Boma linali ndi cobvuta cimodzi. Kenyatta anali atadzudzula Mau Mau poyera pa misonkhano yaikulu, monga wa ku Kiambu m'mwezi wa August 1952, ndipo m'mapepala ambiri amene apolisi anatenga kunyumba kwake munalibe comuloza. Panafunika munthu wakuti anene kuti anaona ndi maso. Munthuyo anapezeka, dzina lake Rawson Macharia, ndipo ndiye anali mboni yoyamba ya Boma. Atalumbira monga mwa mwambo wa bwalo, ananena kuti m'mwezi wa March 1950 iye analipo pamene Kenyatta anali kulumbiritsa anthu lumbiro la Mau Mau. Kenyatta anakana, nayenso atalumbira. Anthu angapo amene Macharia anawachula anabwera kudzacita umboni, nakana kuti zimenezo sizinacitike. Maloya anakumbutsanso bwalo kuti m'mwezi wa March 1950 Mau Mau inali isanaletsedwe nkomwe.

Mlandu uli mkati, pa 26 March 1953, anthu a Mau Mau anatentha midzi ya ku Lari usiku, napha anthu oposa 70 a mbali ya Boma, ambiri a iwo akazi ndi ana. Ndipo pobwezera, asilikari a Boma ndi owathandiza anapha anthu ambirinso. Dziko lonse linali ndi mantha ndi mkwiyo. Pa 8 April 1953 Thacker anagamula. Anati iye akhulupirira mboni imodzi ija koposa zonse zoitsutsa, napatsa onse asanu ndi mmodzi zaka 7 za ndende ya nchito ya kalabvula gaga. Atangotha kuweruza anacoka m'dzikomo. Cimene anthu sanacidziwe pa nthawiyo ndi cakuti Boma linampatsa mphatso yapadera ya £20,000, ndalama zimene munthu wa nchito wamba sakadaziona ngakhale atagwira nchito moyo wake wonse. Anacita apilo mpaka ku London, koma ciweruzo ca Kenyatta sicinasinthe, ndipo anakamtsekera ku Lokitaung, ku cipululu ca kumpoto. Oneko yekha ndiye anapambana pa apilo, koma Boma linamsungabe m'ndende.

Mboni ilumbira kaciwiri

Akulu anati mlandu suola. Cakumapeto kwa caka ca 1958 Macharia uja analumbiranso, tsopano pa kalata, kuti umboni wake wa ku Kapenguria unali wonama, ndi kuti iye ndi mboni zina anacita kuphunzitsidwa zokanena. Kalatayo inafika m'manja mwa Tom Mboya, mtsogoleri wa mabungwe a anchito amenenso anali m'Nyumba ya Malamulo, ndipo iye anaibukitsa. Panatulukanso kalata ina, yocokera ku ofesi ya mkulu wa maloya a Boma, yolembedwa m'mwezi wa November 1952, umboni usanayambe kumveka. M'menemo Boma linalonjeza Macharia ulendo wa ndege kupita ku England, maphunziro ku sukulu yaikulu ya ku Exeter, cisamaliro ca banja lake, ndi nchito ya Boma akadzabwerako. Ku England anapitadi.

Boma linacita ciani? Linagwira Macharia, nimzenga mlandu wolumbira monama pa kalata yaciwiri ija. Mlandu unazengedwa m'caka ca 1959. Pritt yemwe uja, amene kale anali kumpanikiza ndi mafunso, ndiye anamuimira, ndipo Kenyatta anamtulutsa m'ndende kudzacita umboni. Macharia anampeza wolakwa, nampatsa miyezi 21.

Tsono tiime pang'ono, tiganize monga akulu a pabwalo. Munthu mmodzi analumbira kawiri, ndipo malumbiro awiriwo atsutsana. Ngati loyamba linali loona, laciwiri ndi bodza. Ngati laciwiri linali loona, loyamba ndi bodza. Kuli konse kumene mungapotokere, munthuyo ndi wolumbira monama, ndipo bwalo la Boma lomwe linanena comweco. Koma pa mau a munthu ameneyo ndi pamene panatsamira mlandu wa Kenyatta. Pa mudzi akulu akadaitana mlandu woyamba uja kuti aumvenso. Boma silinatero, cifukwa kutero kukadaonetsa dzanja lake lomwe. Paja khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Kenyatta atatsiriza ndende yake m'mwezi wa April 1959, anamsungabe ku Lodwar, kenaka ku Maralal, ndipo anamasulidwa m'mwezi wa August 1961.

Pambuyo pake Bildad Kaggia analemba m'buku lake la 1975 kuti iye ndi Kubai analidi m'kabungwe kobisika kotsogolera malumbiro, koma Kenyatta sanali m'menemo. Akatswiri ambiri a mbiri abvomerezana naye. Macharia nayenso analemba buku m'caka ca 1991 kubwereza kuti ananama, ndipo anamwalira ali nkhalamba m'caka ca 2008, dzina lake likumbukika ndi cinthu cimodzi cokha.

Kuulula kofinya ndi ndodo

Nkhani ya lumbiro sinathere ku Kapenguria. Pa nthawi ya nkhondoyo Boma linaika lamulo lakuti wolumbiritsa anzake akhoza kunyongedwa. Onse pamodzi amene ananyongedwa pa milandu ya Mau Mau anali 1,090, ena cifukwa ca kupha, ambiri cifukwa copezeka ndi mfuti kapena zipolopolo, ena cifukwa ca kulumbiritsa. Anthu osacepera 80,000 anatsekeredwa m'misasa ya ndende, ambiri popanda kuzengedwa mlandu. Akulu a Boma anali kukhulupirira kuti lumbiro ndi nthenda ya m'mutu, ndipo mankhwala ake ndi kuulula. Cotero njira yotulukira m'misasamo inali imodzi: munthu abvomere kuti analumbira, nachule womlumbiritsa ndi amene anali naye. Wokana anali kumenyedwa. Inu mudziwa kuti munthu womenyedwa anena ciri conse cimene womenyayo afuna kumva, ndipo maina ochulidwa pa ndodo anagwiritsa anthu ena, olakwa ndi osalakwa omwe.

Ku msasa wa Hola, kufupi ndi mtsinje wa Tana, anali kusungako amene anakanitsitsa kuulula ndi kugwira nchito. Pa 3 March 1959 alonda anawamenya ndi zibonga powakakamiza nchito, ndipo anthu 11 anafa. Mau oyamba a Boma anati anthuwo anafa atamwa madzi a m'ngolo. Koma lamulo linafuna kuti imfazo zifufuzidwe m'bwalo, ndipo kumeneko adokotala amene anapima mitembo ananena za mabala amene anaona. Woweruza, W. H. Goudie, anapeza kuti anthuwo anafa ndi kumenyedwa. Anadandaulanso kuti mwa mboni za m'msasamo, alonda ndi andende omwe, sanapeze imene inali kuyesetsa kunena zoona, cotero sanathe kuloza amene anakantha ndani, ndipo palibe anazengedwa mlandu. Apa tiona mbali zonse ziwiri: umboni woona wa anthu ocepa unagwetsa bodza la Boma, ndipo umboni wonama wa ambiri unapulumutsa akupha.

Tsiku lomwelo la 3 March 1959 ndilo limene Bwanamkubwa wa Nyasaland, Sir Robert Armitage, anagwira Dr. Banda ndi anthu a Congress mazana-mazana, ponena kuti anapangana kupha Azungu ndi mafumu. Nkhaniyo inacokera kwa akazitape. Woweruza Devlin ndi anzake atafika kudzafufuza, namva mboni zambiri, analemba m'mwezi wa July kuti za ciwawa zinakambidwadi, koma pangano la kupha limene Boma linanena sanalipeze. Nkhani ya Hola ndi ya Devlin zinakambidwa m'Nyumba ya Malamulo ku London masiku awiri otsatana, ndipo zinathandiza kutembenuza mitima ya Angelezi ambiri pa za ulamuliro wao mu Africa.

Ufulu utabwera

Kenya inalandira ufulu pa 12 December 1963, ndipo munthu amene anamangidwa ndi lumbiro lonama anaima pamaso pa mtundu wonse nalumbira lumbiro la udindo, poyamba monga Nduna Yaikulu, ndipo m'caka ca 1964 monga Pulezidenti. Tikadakonda kuti nkhani ithere pamenepa, koma mbiri sikondera munthu. Pa 5 July 1969 Tom Mboya, amene anali Mluo, anaomberedwa mu mseu wa Nairobi, ndipo udani unakula pakati pa mitundu. M'miyezi yotsatira malole anali kututa Akikuyu kupita nao ku Gatundu, kwao kwa Kenyatta, ndi ku malo ena, kukalumbira kuti ulamuliro usacoke mu mtundu wao. Ambiri anapita mokakamizidwa, ena okana anamenyedwa, ndipo machalichi anadzudzula poyera mpaka zinaleka. Lumbiro limene linayamba pofuna kumasula dziko linasanduka mpanda wa mtundu umodzi.

Mau otsiriza a nkhaniyi ananenedwa ndi nkhalamba. Lamulo loletsa Mau Mau linafafanizidwa m'caka ca 2003, ndipo ena amene anazunzidwa m'misasa anasumira Boma la Britain. Mlanduwo unacititsa kuti m'caka ca 2011 Boma libvomere kuti linali kusunga mobisa mapepala zikwi zambiri a nthawi ya utsamunda. M'mwezi wa July 1912 palibe akadalota zotere, koma patapita zaka 100, m'mwezi wa July 2012, nkhalamba zitatu za ku Kenya, amuna awiri ndi mai mmodzi, zinaima m'bwalo lalikulu la ku London, nizilumbira, nizifotokoza zimene zinacitidwa pa matupi ao. Palibe anazikakamiza, palibe anazigula. Loya wa Boma anati satsutsa kuti anthuwa anazunzidwa. Pa 6 June 2013 nduna ya Britain yoona za maiko akunja, William Hague, inanena m'Nyumba ya Malamulo kuti Boma limva cisoni ndi nkhanzazo, ndipo lidzalipira £19.9 miliyoni pa mlandu wa anthu 5,228.

Cimene titolapo

Taona malumbiro a mitundu-mitundu: la pabwalo masana, la m'nyumba usiku, la asing'anga a Boma, la mboni yolonjezedwa sukulu, la wandende wofinyidwa ndi ndodo, ndi la nkhalamba za ku London. Mwa onsewa, amene anabala cilungamo ndi aja amene munthu analumbira mwa ufulu wake, poyera, wopanda cikwanje kumbuyo kwake ndi wopanda mphatso patsogolo pake. Mbuzi ndi Buku, zonse ziwiri zinagwiridwa ndi anthu oona ndi anthu onama omwe. Mphamvu ya lumbiro ikhala mwa munthu wolumbirayo, ndi mwa akulu amene alilandira. Akulu a bwalo akayamba kugula mboni, aononga cida cokhaco cimene ali naco codziwira zoona, ndipo tsiku limene adzafuna kuti anthu awakhulupirire adzapeza kuti palibe wowamvera.

Zimenezi si za maboma okha. Mawa mnzanu wa pa komboni adzakupemphani kuti mukamcitire umboni pa mlandu wa ndeu imene simunaione. Mlamu wanu adzafuna kuti mukalumbire kuti nyumba ya malemu inali yake, ana amasiye alikuyang'ana. Kapitao adzakunong'onezani kuti pa kufufuza kwa ngozi ya pansi pa mgodi munene kuti mitengo yocirikiza inalipo, pamene munaona ndi maso anu kuti panalibe. Adzakuuzani kuti ndi mau cabe, ndipo kukana kudzakhala kobvuta, cifukwa ndi mbale wanu, kapena ndi amene agwira nchito yanu m'manja mwake. Lamulo la dziko liti kulumbira monama ndi mlandu wa ndende, ndipo limodzi la Malamulo Khumi liletsa comweco. Koma ngakhale osakugwirani, kumbukirani kuti ku mbali ina ya mau anuwo kuli munthu amene adzasenza katundu wake. Ku Kapenguria mau a munthu mmodzi, onenedwa m'nyumba ya sukulu, anathandiza kutsekera mnzake zaka pafupi-fupi 9, ndipo mwini mauwo anayenda nao zaka 56 kufikira kumanda.

Cotero mukaitanidwa kukacita umboni, nenani cimene munaona, lekezani pamene maso anu analekeza, ndipo cimene simucidziwa nenani kuti simucidziwa.